Mipando Inayi ya aNambewe

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha apongozi anga, aNambewe, patatha chaka chathunthu chiwaikireni m'manda. Amayi a chigwirizano anaimba, abusa analalikira, ndipo anthu analankhula motsatizana monga mwa nthawi zonse. Aliyense anati malemuwa anali namwino wofatsa. Ine ndinaweramitsa mutu kuti nkhope yanga isaoneke, chifukwa aNambewe mukanawanenera zambiri, koma kufatsa ayi. Munthu akafa timamudzoza mafuta amene tinamumana ali moyo. Pomaliza ankhoswe a banja lathu anaimirira n'kundiloza ine, nati pamudzi pano sipanabwerepo mkamwini waulemu ngati aphunzitsiwa, amene anakhala pambali pa apongozi awo kuchipatala mpaka mpweya womaliza. Anthu anaomba m'manja. Mawu amenewo ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe izi.

ANambewe anagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa makumi atatu pachipatala cha kwathu kuno, kumadzulo kwa Lilongwe. Dzina la chipatalacho sinditchula, odziwa akudziwa. Anali mayi wamfupi, woyenda ngati wasiya ndiwo pamoto, ndipo pachifuwa pawo pankalendewera kawotchi kozondoka kaja ka anamwino. Ankakavala ngakhale pa yunifolomu ya chigwirizano, mpaka anzawo anakadandaula kwa amayi busa kuti chimenecho si chovala cha mpingo. Iwo anayankha kuti matenda sadikira kuti nyimbo ithe, ndipo kawotchiko sanakavule.

Anali ndi khalidwe limodzi lotopetsa. Ukamalankhula nawo sankakuyang'ana kumaso, ankakuyang'ana pachifuwa, milomo yawo ikugwedera pang'ono. Ankawerenga kapumidwe kako. Tsiku lina pamsika wa Nsaru analeka kukambirana mtengo wa tomato n'kuuza mayi wogulitsayo kuti alongedze malonda apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mawu ochepa okha akuwadula katatu kuti apume. Mayiyo anawatukwana pamaso pa anthu. Patapita masiku awiri abale ake anabwera naye kuchipatala pangolo, ndipo aNambewe pomulandira anayamba amukumbutsa kuti tomato uja anali wodula ndithu.

Ankakonda kunena kuti wodwala wobuula sawaopsa, chifukwa kubuula kumafuna mphamvu. Amene ankawaopsa ndi wodwala wokhala chete, amene abale ake amati wapezako bwino, wagona, musamudzutse. Ankatinso odwala alipo a mitundu itatu. Alipo ongofuna bedi, mankhwala ndi phala, amene wadi wamba imawakwanira. Alipo amene thupi lawatayiratu, ofunika makina owapumira, ndipo malo awo ndi chipinda cha odwala mwakayakaya kuchipatala chachikulu m'tauni, kumene mabedi ake ungawawerenge ndi zala. Ndiye pali apakati, amene akupuma okha koma akhoza kutembenuka mu ola limodzi: mayi amene wataya magazi pobereka, mdala wa chibayo, mwana amene malungo amukwera kumutu, munthu wongotuluka kumene ku opaleshoni. Ukawatumiza m'tauni, mabedi a makina aja si awo, sanafikepo. Ukawagoneka mu wadi wamba, amatsirizika pakati pa chigulu cha anthu popanda wowaona. Amenewo, ankatero aNambewe, chimene amafuna ndi maso, mpweya wa m'silinda, ndi namwino wokhala pafupi moti gadiyani akakuwa iye amve.

Chipinda cha anthu apakatiwo anachimenyera nkhondo zaka zoyambirira za matipate, pamene aliyense anayamba kulankhula zakukhosi. Ena ufuluwo anaugwiritsa ntchito potukwanana pamisonkhano. Iwo anaugwiritsa ntchito povutitsa akuluakulu a chipatala mpaka anawapatsa kachipinda kosungiramo zofunda, koyang'anizana ndi tebulo la anamwino. Madokotala ali ndi dzina lake lachingerezi la zilembo zitatu, koma iwo ankangoti chipinda chapakati. Munalowa mabedi anayi, silinda ya okosijeni, choyezera bipi, ndi wotchi yapakhoma imene amayi a mumpingo anagula. Kenaka anaitana kalipentala wa pa Nsaru kuti apange mipando inayi ya magadiyani, ndipo analamula kuti iikidwe chakumutu kwa bedi lililonse, yoyang'ana wodwala, miyendo yake ikhomeredwe mu simenti ndi zitsulo. Kalipentalayo anafunsa ngati akuopa akuba. Anamuyankha kuti akuopa manyazi, chifukwa Mchewa ukamupatsa mpando wosuntha amautembenuzira kukhoma.

Lamulo la m'chipindamo linali limodzi. Chofunda chizilekera m'mimba, chifuwa cha wodwala chizioneka, ndipo gadiyani aziwerenga kukwera ndi kutsika kwake kwa mphindi imodzi, maso ena ali pa wotchi. Kwa munthu wamkulu, kukapitirira makumi atatu, akuwe. Pakhomo anapachikapo chitenje kuti odutsa asamasuzumire. Amayi ambiri ankakana kuvundukulidwa, ndipo aNambewe ankawafunsa ngati akufuna kuwafunditsa lero kapena kudzawafunditsa mawa mpaka kumaso. Kamwa lawo linali lotero. Anthu a m'midzi anachipatsa chipindacho dzina loti chotsazikira, poti kumeneko kunkapita odwala kwambiri ndipo ena sankatulukadi. Dzinali linkawapweteka kuposa mmene ankaonetsera.

Anakangana ndi anthu ambiri, koma mkangano umene anzawo amaukumbukirabe ndi wa dokotala wachinyamata amene ankangolemba kalata yotumiza wodwala aliyense wovuta m'tauni. ANambewe ankamuima pakhomo. Ankati msewu wafumbi wokafika kutala umapha anthu amene bedi likanawasunga, ndipo ambulansi ikapita ndi munthu amene angofuna mpweya, mayi wofunika opaleshoni yaikulu akabwera akwera chiyani. Ankakananso wodwala wochokera pa makina a m'tauni kugonekedwa mu wadi wamba tsiku lomwelo. Pamenepo ankapereka chitsanzo cha fodya: mlimi sazula mbande pa nazale yothiriridwa m'mawa ndi madzulo n'kukaziponya kumunda, amayamba wazikhwimitsa. Dokotalayo anakawanenera ku ofesi kawiri. Atasamutsidwa anawalembera kalata yothokoza, ndipo iwo anaigwiritsa ntchito pokulungira mbewu ya therere.

Koma nkhani imene imafotokoza aNambewe bwino ndinaiona ndi maso anga. Linali dzinja, masana, ndipo akazi anga, amake Tadala, anandituma kukasiya mbatata yophika kwa mayi awo. Ndinapeza m'chipinda chapakati mwagonekedwa gogo wina wa ku Mulanje. Anabwera kudzathandiza mwana wake wamkazi amene anali atangobereka pa esiteti ya fodya cha ku Mpingu, ndiye chibayo chinamugwira. Mwanayo anali m'chikuta ndi khanda. Matenanti alibe abale kuno, motero amene anabwera ndi gogoyo anali mkamwini wake, bambo wowonda wa manja akuda ndi utomoni wa fodya. Anaima panja pa zenera, chipewa chili m'manja, maso ali pansi. Ataona aNambewe akukoka silinda, anapempha kuti mapaipi a m'mphuno okha ayi, poti aliyense akudziwa kuti munthu akaikidwa mpweya ndiye kuti kwatha.

"Kwathu akandifunsa ndidzati chiyani, asisita? Adzati ndawaphetsa apongozi."

ANambewe sanatsutsane naye. Anatenga kapaipiko n'kudziika okha m'mphuno, anatsegula silinda, anakhala pampando, nandiuza kuti ndibweretse mbatata ija. Anayamba kusenda n'kumadya pang'onopang'ono, mpweya ukulira m'mphuno mwawo.

"Mukaona ndagwa, muwatenge apongozi anuwo muzipita," anatero.

Mbatata itatha, bamboyo anavomera. Koma atamuuza kuti alowe akhale pampando aziwerenga chifuwa cha gogoyo, anabwerera m'mbuyo ngati waona njoka, nati zimenezo sizingatheke, amenewo ndi apongozi ake. ANambewe anatuluka, anamugwira pamkono, namukokera mkati.

"Apongozi mwawasiya pageti. Muno muli chifuwa ndi wotchi. Khalani apa."

Anakhala pampandopo masiku atatu, thukuta la manyazi likuyenderera. Tsiku lachiwiri masana anakuwa kuti zapitirira makumi atatu, ndipo aNambewe pothamangira anapeza silinda yatha mpweya popanda wodziwa. Anasintha, gogoyo anabwerera. Patapita sabata anatuluka akuyenda yekha. Tenanti uja anabweretsa nkhuku kunyumba, ndipo aNambewe anailandira akudandaula kuti ndi yowonda ngati mwini wake. Nkhani imeneyi ndinaifotokoza kambirimbiri kwa aphunzitsi anzanga, ndikuyerekeza mawu a bamboyo ndi kunjenjemera kwake, anthu n'kumaseka mpaka misozi. Ndinkamuseka kwambiri munthu ameneyo.

Chipindacho sichinafe tsiku limodzi. Chaka china cha chisankho, munthu wofuna uphungu anabwera ndi makina opangira mpweya a magetsi, anajambulitsa ataimirira pambali pa wodwala, ndipo akuluakulu anati tsopano masilinda apite ku fiyeta, kochitira opaleshoni. Munthu uja atagonja pachisankho anatuma anyamata ake kudzatenga makinawo kuti akakonzedwe. Akukonzedwabe mpaka lero. Masilinda sanabwerere. Kenaka aNambewe anapuma pantchito, ndipo mkulu woyendetsa chipatala anati sangaike namwino mmodzi pa mabedi anayi pamene mu wadi anthu akugona pansi. Ndisaname, mfundo anali nayo. Anamwino anali kuchepa chaka ndi chaka. Koma m'malo mofuna njira, anatulutsa mabedi n'kulowetsamo mabelo a masikito a bungwe lina, poti chipindacho chinali ndi chitseko chabwino. ANambewe atamva anapita konko atavala yunifolomu yawo yakale imene inali itawathina. Mkuluyo anawalandira ndi tiyi, anawatchula mayi wathu, nawakumbutsa mwaulemu kuti anapuma. Ndi yemweyo amene Loweruka lija anayamba kunena kuti malemuwa anali ofatsa.

Kunyumba anali munthu wina. Ine ndinakwatira chikamwini, nyumba yathu inayang'anizana ndi yawo, ndipo zaka zonsezo tinasunga mwambo. Ndinkawapatsa moni nditanjuta patali, maso kumbali. Sindinadyepo nawo mbale imodzi, sindinalowepo kuchipinda kwawo, tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire. Sanandiletsepo. Ndikuganiza kuti ulemuwo ankaukonda, ngakhale ankauza mwana wawo mokweza, kuti ine ndimve, kuti aphunzitsi akewo tsiku lina adzagwera m'dzenje pothawa nkhalamba. Ankanditumizira nthochi zoyamba kupsa. Ndikatsokomola kuseri kwa nyumba, mankhwala ankafika ndisanapemphe.

Chaka chathachi matumbo awo anapotana. M'tauni anawachita opaleshoni, anagona masiku awiri pa makina, kenaka masiku ena m'chipinda chapakati cha kumeneko, ndipo anawasamala bwino. Atayamba kumwa phala anaumirira kuti akatsirizire kuchira kwawo, bedilo apatse wina. Anabwera nawo pachipatala chawo chomwe chija. Chipinda chawo chinali chokhoma, ndiye anawagoneka mu wadi ya amayi, bedi lakumapeto kwenikweni, kutali ndi tebulo la anamwino. Namwino anali mmodzi, mtsikana amene ankathamanga uku ndi uku miyendo yokhayokha. Iyeyo sindimuimba mlandu.

Tsiku lachitatu, nthawi itangopitirira 1 koloko masana, amake Tadala anapita kukhitchini ya magadiyani kukaphika phala. Anandiuza kuti ndikhale pomwepo ndiziwayang'ana mayi. Ndinatenga kampando, ndinakaika chakumiyendo kwa bedi, n'kukatembenuzira kuzenera. Inali nthawi yozonda odwala, mu wadi munali phokoso, gulu lina likuimba nyimbo za mapemphero pabedi lapakati. Apongozi anali chete, ndipo mumtima ndinati agona.

Patapita kanthawi ndinaona ndi ngodya ya diso kuti chofunda chatsika, chifuwa chawo chili pamtunda. Ndinachita manyazi ngati ndaba. Ndinayang'ana kumbali, ndinakodola mayi wina amene ankadwazika mnzake pabedi loyandikana, n'kumupempha kuti awafunditse. Anawafunditsa mpaka m'khosi. Sipanapite nthawi, chofundacho chinatsikanso. Ndinamupemphanso mayi uja, ndipo ulendo uno anachipanira kunsi kwa matiresi kuti chisavutenso. Ananditamanda kuti ndine mwana woleredwa bwino. Ine ndinasunthira kampando kaja patsogolo pang'ono, n'kumayang'ana mbuzi zimene zinkadya kapinga panja.

Amake Tadala atabwera ndi phala anangoika mbale pansi n'kukuwa. Milomo ya mayi awo inali itada. Namwino uja anathamanga, wina anathamangira silinda ku fiyeta, koma pofika nayo kunali kutatha. Povundukula chofunda tinapeza kawotchi kaja kali m'dzanja mwawo, atakamasula okha pamalaya. Chofundacho sichinkatsika chokha. Ankachikankha ndi iwo, mphamvu yolankhula itawathera, kuti munthu amene anali pafupi achite zimene anaphunzitsa dera lonseli kwa zaka makumi awiri. Munthu ameneyo ndinali ine, amene ndinaona tenanti uja akukokedwa pamkono.

Dokotala anati mwina magazi anaundana n'kutseka m'mapapo, ndipo mwina ngakhale akanawaona msanga sizikanathandiza. Mwina. Mawu amenewo ndayenda nawo chaka chathunthu ndipo sanditonthoza. Ndimakwiyira munthu wa chisankho uja, ndimakwiyira mkulu wa tiyi uja, ndimakwiyira masikito, chifukwa chipinda chija chikanakhalapo apongozi akanagona mayadi ochepa kuchokera pa tebulo la namwino, silinda ili kumutu, ndipo ine ndikanakhala pampando wosatembenuzika. Koma ndikatha kukwiyira onsewo ndimatsala ndekha, ndi kampando kanga koyang'ana mbuzi.

Za chofundazo sindinauze munthu aliyense mpaka Loweruka lija. Alendo atabalalika, ndinawapeza amake Tadala akutsuka mbale kuseri kwa nyumba ya mayi awo, ndipo ndinawafotokozera zonse. Sanalire, sanakalipe. Anapukuta manja pachitenje, nandifunsa:

"Kangati?"

"Kawiri."

Anabwerera ku mbale zawo. Mpaka lero sanaitchulenso nkhaniyo, ndipo kawotchi kaja, kamene kankakhala pashelefu pabalaza, akachotsapo.

Lolemba nditaweruka kusukulu ndinapalasa njinga mpaka kuchipatala. Chipinda chapakati chidakali chokhoma, koma galasi limodzi la zenera linasweka, ndiye ndinasuzumira. Masikito anatha kalekale. Pakona aunjikapo mafayilo akale odyedwa ndi chiswe, njinga ya odwala yopanda gudumu, ndi zidebe zobooka. Pakhoma pali msomali ndi bwalo loyera pamene pankakhala wotchi. Chitenje cha pakhomo wina anachitenga. Pansi pakuonekabe timabowo pamene miyendo ya mabedi inadya simenti. Mlonda anandiuza kuti mipando anayesa kuizula kuti apeze malo, koma zitsulo za kalipentala uja zinakana, ndiye anangoisiya. Ilipo yonse inayi, fumbi lili mbuu, uliwonse ukuyang'anabe pamene pankakhala chifuwa cha munthu.